Galimoto Yoimba Mluzu Yafa

Chinyonga, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Muloza? Nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Kuno matupi ali bwino, ine, amake Ella ndi Ella yemwe, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, siyokambira pafoni.

Galimoto ija munakwera pa Khirisimasi yafa, Amayi. Ija anandipatsa a Dalton a ku Namiwawa kuti ndizinyamula anthu pakati pa Limbe ndi Bvumbwe, titapangana kuti ndikaigwirira ntchito mokwanira idzakhala yanga. Munaseka tsiku lija kuti imaimba mluzu ngati m'busa wa ng'ombe. Choimbacho amati tebo, chimapopera mpweya mu injini kuti izikoka mwamphamvu.

Vuto linali lakuti ikadzaza anthu ndi matumba a kabichi imafooka pa chitunda. Anzanga a pa siteji amandipitirira n'kukatola anthu ine ndisanafike. Wina anandilozera kwa a Abdala, amakaniko a kuseri kwa msika wa Limbe. Iwowa sagwira sipanala pa ntchito imeneyi. Amalumikiza laputopu ndi chingwe pansi pa chiwongolero, n'kusintha nzeru za mu kompyuta ya galimoto. Amati kutchuna.

Anandiuza kuti kutchuna kulipo kuwiri. Kwina n'kofatsa, mphamvu zimangowonjezeka pang'ono ndipo galimoto sisankha petulo kwenikweni. Kwina n'kwaukali, chitunda imakwera ngati palibe, koma imafuna petulo wabwino wa pa pampu yekha. Ndinaganiza za ndalama zosamalira mwana, ndinasankha kwaukali. Pondipatsa makiyi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, wa m'chigubu musathire ngakhale dontho." Ndinavomera. A Dalton sindinawauze, ndinkati adzaona okha zikamayenda.

Zinayendadi, mpaka petulo atasowa m'tauni. Ndinakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pampu inauma ndikuiona. Kunyumba Ella anali ndi chifuwa, akufunika mankhwala. Ndinagula wa m'chigubu m'mbali mwa msewu monga amachitira aliyense. Anzanga amathira yemweyo n'kumayenda, poti zawo n'zosatchuna. Yanga inayamba kugogoda ngati muli misomali, ndipo tikukwera cha ku Chigumula inatulutsa utsi n'kuzima. Anthu anatsika akutukwana. A Abdala atanunkhiza anati m'petulomo munali parafini, pisitoni ya mu injini yabooka. Sanandikalipire, anangopukusa mutu. Wakutsina khutu ndi mnansi, Amayi, ine ndadziwa mochedwa.

A Dalton anaikoka pa chingwe kupita nayo kwawo. Anati anandipatsa galimoto kuti ndiziyendetsa, osati ndiziisintha mutu, choncho pangano latha. Masiku ano ndikapita kwawo amandiyankha ndi alonda a pa geti.

Pempho langa ndi limodzi. Eni nyumba akufuna chipinda chawo mwezi ukatha. Ine ndizikagona kwa mnzanga ku Mbayani n'kumasaka ganyu, koma kumeneko mkazi ndi mwana sangakwane. Mukudziwa kuti kwawo kwa a Millicent, amake Ella, kulibe amene anatsala. Chonde muwalandire pamodzi ndi Ella mpaka nditapezanso poima. Abwera ndi mphasa, neti ndi mankhwala a chifuwa aja. Mwanayu asamasambe madzi ozizira, ndipo phala akakana musamusiye, amadya mukamunyengerera.

Mundiperekere moni kwa amalume a Paston, kwa achemwali a Felicia ndi alamu, ndi kwa ana onse. Amalume muwauze nokha za galimotoyi, ine nkhope ndilibe.

Chomaliza n'chimene chikundisowetsa mtendere kuposa zonsezi. Ella anazolowera kuti akamva mluzu wa tebo ndiye kuti ndafika, amathamangira kumsewu osayang'ana uku ndi uku. Panopa ndikabwera wapansi amasuzumira kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Ababa, vuuu ali kuti?" Nyumba yanu ili m'mphepete mwa msewu, ndipo malole opita ku Mozambiki amaimba mluzu womwewo. Mukangoumva, Amayi, siyani chilichonse chomwe mwagwira, mumugwire dzanja. Aziyesa kuti ndine.

Ambuye akusungeni kufikira tionane.

Ndine mwana wanu,
Vitalis