Chingwe cha Panjinga Chaduka M'kalasi

Lachitatu madzulo. Ndatopa, dzuwa landiwotcha tsiku lonse.

Lero m'buku la Chingerezi la Sitandade 7 tinakumana ndi mawu akuti "elastic". Ana anangondiyang'ana. Ndinatuluka, n'kumasula chingwe cha mphira chomangira katundu panjinga yanga.

"Chinthu chikamatanuka n'kubwerera mwakale, timati ndi elastic," ndinatero uku ndikukoka. Pokoka kachitatu chinaduka n'kundikwapula chala. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Eneresi, wokhala kutsogolo, anafunsa, "Aphunzitsi, ndiye chimenecho si elastic, eti?"

"Chinali, mwanawe. Chamanga matumba a mtedza zaka zambiri."

Ndachoka kusukulu ku Nsaru chokankha njinga, dzanja lina litagwira makope. Pano ndagona pamphasa, ndikudikira kuti msana ubwerere mwakale. Sukubwerera.