Zinyama za Bambo Azikwirira

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma Bambo ali m'chipatala, ndipo nyumba yawo yosungiramo zinyama zoumika ku koleji kuja aitseka.

Mukukumbukira mmene inayambira. Kadzidzi mmodzi wogundidwa ndi galimoto, Bambo akumusenda patebulo lodyera, Amayi akulalata kuti atiitanira maliro. Kenaka kabati, kenaka chipinda, mpaka holo yonse ija ya mbalame, njoka za m'mabotolo ndi kambuku wa diso limodzi amene ana asukulu ankamuthawa. Bambo atapuma pantchito n'kulowa ine m'malo mwawo, ndinkayenda ngati koleji ndi yanga.

Mwezi watha kunabwera a zaumoyo atavala zotseka pakamwa. Anapala nthenga ndi ubweya n'kupita nazo. Atabweranso, mkulu wawo anandifunsa kuti, “Ufa woyera wotetezera zikopa ku njenjete uja ankathira ndani?” Ndinati Bambo, ndi manja awo, moyo wawo wonse. Anangoyang'ana pansi. Ufa uja ndi poizoni, achimwene. Adokotala akuti zilonda za m'manja mwa Bambo zija ndi chotupa cha m'mapapo, gwero lake ndi lomwelo.

Lachisanu anakumba dzenje kuseri kwa garaja ya koleji. Zinyama zonse anazilonga m'migolo, thirakitala n'kukwirira. Ine ndinkaonera patali.

Dzulo Bambo anandifunsa kuti, “Denga lija likudonthabe pamwamba pa mbalame?” Ndinati takonza. “Mwachita bwino. Ndikatuluka muno ndikasoke phiko la chiwombankhanga chija.” Amayi anadzuka n'kutuluka panja. Bambo sitinawauze za dzenjelo ndipo sitiwauza. Mukamaimba foni musamale pakamwa.

Chonde bwerani mwezi uno, musadikire tchuthi. Inunso mukayezetse, paja Loweruka munkawathandiza kusakaniza ufawo. Za ine musade nkhawa. M'zikhato mwatuluka timadontho touma, mwina ndi sopo chabe. Adokotala anandiyeza, ndipo akuti pokamva zotsatira ndipite ndi wachibale. Amayi zawo zawakwanira kale, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo amawakonda kwambiri. Nthenga zokongola zija ndinawatumizira chaka chatha, muwalande lero lomwe. Akalira, muwauze kuti ndine ndanena.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa Bambo