Ulendo wa Kuphiri ndi Tadala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Ine ndi bambo a Tadala tapangana kuti mu Seputembala, mitengo ikayamba kuphukira, tikagone kuphiri masiku awiri. Poti mwanayu wangokwanitsa zaka ziwiri, Loweruka tinakayesa kaye njira ya ku Likhubula nditamubereka. Titafika pamwala paja tinkadikirira bambo athu tili ana, akamatsika ndi katundu wa alendo, ndinamutsitsa. Anathamangira kumtsinje, n'kuviika phazi, n'kukuwa kuti, "Amama, madzi akuluma!" Ndi momwe ndinkakuwira ine, inu mukundiseka. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kuleka.

Titabwerako ndinawafotokozera amayi zimenezi. Iwo anati, "Ine phiri lija sindingakwerenso. Koma mchimwene wako akabwera, mudzandifikitseko pamwalapo."

Chimwalirire bambo, amayi sanatchulepo zopita kumeneko. Chonde pemphani tchuthi, achimwene, papita zaka zinayi tisanakuoneni. Mudzatengenso kajuzi ka Tadala, kumtundako kumazizira.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mlongo wanu,
Esinala