Mpata wa mano watsekeka

Lachinayi, kumapeto kwa Juni. Lero mutu sukugwira.

Ndabwera kuchokera ku Cuamba pa chapa, minibasi ya kwathu kuno. Dzino lakutsogolo lomwe ndinathyola ndi nzimbe, adotolo aliveka chovindikira chomwe akuti koroa. Anachita kuyeza m'kamwa mwanga kuti achiumbe. Mtundu wake ngofanana ndi mano enawa, ndipo silikupweteka. Koma alikuza, mpaka mpata wanga wapakati uja watsekeka.

"Takukonzerani zonse, mayi," anatero monyadira.

Amuna anga akuti ndakongola. Amayi andiyang'ana m'kamwa nthawi yaitali, kenako akuti, "Mpata uja unali wa malemu bambo ako. Kodi unkakupweteka?"

Lilime langa likungoufunafuna pamalo pake. Sindikudziwa ngati ndiwathokoze adotolowo, kapena ndibwerere ndikawauze kuti pamenepo sipanathyoke…