Tambala Wopanda Mutu

Uliwa, Karonga
24 July 1991

Okondedwa alamu anga a Wallace,

Lolemba pa 22 July anatiyitana ku ofesi ya sikimu ya mpunga, kumene inu munkasunga katundu musanasamukire ku Salima. M'chipindamo munali bwana Kalumbu, a tcheyamani a chipani a dera lino, wapolisi mmodzi, mwana wanga Eliness ndi ine. Patebulo panali chipepala chonunkha usipa, ndipo pambali pake panali kalata yanu. Moni ndiika kumapeto, chifukwa panopa dzanja likukana.

Sindinaiwale kuti ndinu amene munamupemphera Eliness malo pa ofesiyo chaka chatha. Anayamba ndi kutayipa mayina a alimi pa kompyuta. Kenaka anabwereka mabuku a injiniya, n'kuphunzira yekha kulemba pulogalamu, ndiye kuti malangizo ouza makina ojambulira poyambira cholembera ndi pokalekezera. Ine wa Sitandade 6 sindizimvetsa, koma anandionetsa munda wanga pamapu, ndi pokhota ngalande pachulu paja pali pomwepo. Mapu onse ali pakhoma la ofesi ndi ntchito yake. Bwana anali atamulembetsa kale maphunziro a ku Blantyre oyamba mu September.

Mu June bwana anamuuza kuti ajambule tambala wa chipani, wokapachika pa chikondwerero cha 6 July. Makinawo ankayamba kujambula kumapazi n'kumakwera, mutu n'kumalizira. Kawiri jenereta inazima, kamodzi inki inauma. Mapepala atatu anatuluka ndi tambala wolekezera pakhosi. Pepala lachinayi linatuluka bwino, ndipo a tcheyamani omwewa anavina pansi pake. Owonongekawo anawapereka kwa inu kuti muwatenthe, monga mwa lamulo la ofesi.

Loweruka pa 13 July, Bertha Nyakaonga, wogulitsa usipa pamsika wa Uliwa, anakulungira usipa mnyamata wa chipani. Mnyamatayo atafika kunyumba anatambasula pepala, n'kupeza tambala wakuda wopanda mutu.

Ndiye Lolemba lija a tcheyamani analoza pepalalo n'kufunsa kuti, "Iwe mtsikana, mutu wa tambalayu uli kuti?"

"Magetsi anazima, bwana."

"Magetsi akuno ngochenjera. Pamchira sazima, pamapiko sazima, amachita kudikira pakhosi."

Wapolisi anaseka. Eliness anati, "Lizani jenereta, ndikuonetseni mmene makina amayendera."

"Kompyuta ya boma usaigwirenso. Tiuze amene anakutuma kumwaza zimenezi pamsika."

Apa bwana Kalumbu anatenga kalata yanu n'kuwerenga mokweza. Munalemba kuti mapepala onse owonongeka munawatentha ndi manja anu kuseri kwa ofesi pa 28 June, ndipo ngati ena apezeka kunja, afunse amene anawajambula.

Alamu, pa 28 June munadutsa pakhomo panga ndi mitolo itatu ya mapepala panjinga. Mkazi wanga Yunike anakuphikirani mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, munadya, munawonjezera. Nditafunsa za mitoloyo munaseka n'kunena kuti, "Alamu, boma limawotcha ndalama, ine ndimazipulumutsa." Bertha wandiuza kuti anakulipirani K1.50 pa mtolo. Kwa apolisi ananena kuti anatola kudzala, chifukwa anaopa kutchula kalaliki wa boma. Ndiye mwana wanga mwamugulitsa pa K4.50, ndipo inki yolembera bodzalo munaipeza.

Kalatayo ikuwerengedwa, Eliness anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinaona nkhope ya mlongo wanga Anne, amene munamutenga pakhomo pathu, ndi ana anu anayi, ndipo za mitolo ija sindinazitchule. Akuluakuluwo anagamula kuti Eliness ayambe wakhala kunyumba mpaka Lolemba pa 12 August. Tsiku limenelo, pakapanda mboni yomuyeretsa, amuchotsa ntchito n'kumupereka kupolisi pa mlandu wonyoza chipani. Inu mukudziwa kuti wopita pa mlandu umenewo sauzidwa tsiku lobwerera.

Pobwerera tinafika pamlatho. Pamenepo Eliness anati, "Adada, ankolo munawaona tsiku lija."

"Ndinawaona."

"Nanga?"

"Azakhali ako ali ndi ana anayi."

"Inunso muli ndi mwana," anatero, n'kutsogola.

Chibadwireni sindinakwezepo mawu pa inu. Pamene munabwera kudzafunsira Anne, abale ena ankati munthu wa ku Dedza adzatithawa ntchito ikadzamusamutsa, ine ndinakuimirani. Kugulitsa mapepala sindikukudani nako, ambiri amatero, ndipo ndikukhulupirira kuti simunatambasule kuti muone zimene zinalimo. Chimene chikundiwawa ndi chakuti atakufunsani munakhala pansi, munaganiza bwinobwino, n'kusankha mwana amene amakutungirani madzi osamba m'manja. Mukanangolemba kuti simukukumbuka. Mawu aja akuti afunse amene anajambula anakukakamizani ndani?

Pempho langa ndi limodzi. Lemberani bwana Kalumbu kuti mapepalawo simunatenthe, munagulitsa osadziwa zimene zinajambulidwapo. Ndafunsa kwa anthu odziwa za m'maofesi, akuti wodziulula yekha pa nkhani yotere amadzudzulidwa, mwina kudulidwa malipiro. Koma akakutchulani ena, bodza lija lidzakhala mlandu wachiwiri, ndipo a tcheyamani adzafunsa chimene munkabisa. Bwana Kalumbu ananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti mtsikanayu sakufuna kumutaya, mapu a chigawo chatsopano akudikira iye, koma sangatsutse kalata yosainidwa popanda ina. Bertha wavomera kukanena zoona ngati ine ndikaima pambali pake n'kunenanso zimene ndinaona.

Eliness kumunda akupita, kumtondo akusinja, koma masana amakhala pamphasa ndi mapepala a masamu n'kumalembabe pulogalamu yake popanda makina. Dzulo ndinamufunsa chimene akukonza. Anati wasintha ndondomeko kuti cholembera chiziyamba ndi mutu. "Tsopano magetsi akazima, adada, tambala azisowa miyendo. Tione ngati umenewonso ndi mlandu." Amayi ake anamutseka pakamwa, ine ndinatuluka panja.

Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira a Yotamu, dalaivala wa lole ya mpunga. Yanuyo muiponye ku positi, ifike ndi chidindo.

Tsopano moni. Moni kwa mlongo wanga Anne. Mumuwerengere kalata yonseyi osadumpha mzere, chifukwa ndikufuna adzamve kwa inu, asadzamvere kwa anthu. Moni kwa mwana wanu Hudson ndi azing'ono ake. Thumba la mpunga limene ndimawatumizira chaka ndi chaka lili pa lole yomweyi, ana alibe mlandu. Yunike akuti moni kwa Anne. Eliness ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake kwa ankolo, iye anangopitiriza masamu ake, ndipo sindingalembe moni amene sanaperekedwe.

Kwa bwana Kalumbu ndizikafunsa za kalata yanu mpaka Lachisanu pa 9 August. Ikapanda kufika, pa 12 ndidzavala jekete lomwe ndinavala pa ukwati wanu, ndidzadzera kwa Bertha, ndipo ulendo uno sindidzayang'ana pansi.

Ndine mlamu wanu,
Manase Mwafongo