Msana wa Apongozi

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukuvutanibe mukamadzuka? Ife kuno tilipo, ine, bambo a ana ndi adzukulu anu, kungoti kunja kukuzizira koti munthu ukamayankhula utsi umatuluka m'kamwa.

Tchuthi chino tinalandira alendo. Kunabwera apongozi aamuna, amene anaferedwa akazi awo chaka chatha, komanso mlamu wanga wamng'ono, yemwe ndi woyembekezera, ndi mwamuna wake. Mwamunayu timamutcha Injiniya chifukwa chilichonse chokhala ndi batani amafuna achigwire.

Pakhoma la pabalaza pali kachipangizo kozunguliza kamene timawonjezera kapena kuchepetsera kutentha kwa hita. Kanthu kakang'ono, koma kanatsala pang'ono kutiyambanitsa. Apongozi ankakhala atavala jekete ndi chipewa, bulangete lili pamiyendo, koma ankangoti akuzizidwa. Ndikawonjezera, mlamu ankatuluka thukuta mpaka kumva chizungulire, n'kukatsegula zenera. Injiniya ankabwera pambuyo n'kuzunguliza kachipangizoko uku akutiphunzitsa kuti mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ngati alipo anamufunsa. Bambo a ana, posowa wom'khalira kumbuyo pakati pa bambo awo ndi mlongo wawo, ankathawira kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsiku lina masana onse anapita kokayenda, ine ndinatsala ndi apongozi. Magalasi a mazenera anali atachita nthunzi, kunja kukungooneka mbuu, nyumba za kutsidya kwa msewu ngati zikuyandama m'madzi. Ndinkasita zovala, ndipo fungo la nsalu yotentha linanditengera kutali. Ndinakuonani inu mukuanula zovala pachingwe, dzuwa likukuwombani m'khosi, ine ndili pambuyo panu nditanyamula beseni. Ndinaiwala kuti ndili kuti.

Anandibweza ndi mawu a apongozi. Anayankhula motsitsa, maso ali pazenera, kuti ndisamavutike ndi hitayo chifukwa kuzizira kwawo si kochokera panja. Anati kuyambira ali achinyamata, akazi awo ankagona atatsamira kumsana kwawo, ndipo chimwalirireni, pamsana pokhapo sipafundanso ngakhale atadzikuta mabulangete ochuluka bwanji. Ndinasowa poyang'ana, Amayi. Munthu wamkulu ngati ameneyo sanayambe wandiuzapo za mumtima mwake.

Ndinathira madzi otentha m'botolo lamphira limene ndimafunditsira ana, n'kulikulunga m'thaulo lomwe ndinali nditangolisita. Ndinawapempha kuti aweramire kutsogolo pang'ono, n'kuwaikira kumsana. Mpando wawo tinaukokera pakona pamene kadzuwa ka masana kamafika, kenako ndinachepetsa hita mwakachetechete. Sanadandaule. Patapita kanthawi anavula chipewa n'kuyamba kundisimbira za nyumba yoyamba imene anakhalamo ndi malemuwo, ya denga lodontha, mmene mvula ikayamba ankakankhira bedi uku ndi uku akuseka. Mawu awo anayamba kutalikirana, mpaka anagona pakati pa nkhani, kukamwa kukumwetulirabe. Ndinaima ndikuwayang'ana, ndipo maganizo anabwera kwa inu, pabedi lalikulu lija muli nokha chitisiyireni bambo.

Enawo pobwera anapeza m'nyumba muli bwinobwino. Mlamu sanakhudzenso zenera. Injiniya anati malangizo ake aja ndi amene agwira ntchito, ine ndinangomusiya akondwe.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi. Mlamu ndi mwamuna wake abwerera kwawo, koma apongozi apempha kuti akhale nafe mpaka nyengo yozizira ithe. Sanapemphe mwana wawo, apempha ine. Anandipeza kukhitchini, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ngati sindikukulemetsani, kunyumba kuja ndisabwerere msanga." Chikwatiwireni sanayambe anditchulapo choncho. Ndinawayankha kuti ndiyambe ndafunsa amayi anga.

Ndinakulonjezani kuti tchuthi chikangotha ndibwera kudzakuonani, ndipo ndikudziwa kuti chipinda mwasesa kale. Bambo a ana amachoka m'mawa n'kubwera kutada, ndiye ndikanyamuka, apongoziwa azikhala okha tsiku lonse. Pempho langa ndi lakuti mundilole ndichedwe, ndidzabwere mitengo ya kuno ikayamba kuphukira. Mukaona kuti simungathe kudikira, nenani mosabisa, ndiwafotokozera ndipo ndinyamuka. Sindiwayankha ndisanamve kwa inu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse a pakhomo. Bambo a ana akupereka moni, apongozi nawonso ati ndisaiwale kuwatchula. Mdzukulu wanu wamkulu dzino laguluka, ndipo wakana kulitaya, ati mpaka agogo alione kaye.

Ndatha ine mwana wanu wokusowani,

Mzime