Alamu ndinawaika kwa Abale

Lachiwiri, 4 Malichi

Akufuna kudzanditengera Kadzino. Bambo ake. Alemba pa tsamba lawo kuti mwana wawo amupeza ngakhale ndimubise kunsi kwa bedi. Analemba Loweruka, ine ndaona lero. Ndikanaona bwanji? Foni yadzaza zinyalala. Amayi akutchalitchi ndi mavesi awo. Wogulitsa mankhwala okulitsa matako. Wina wajambula chilonda cha kuphazi, mafinya ali tuu, akuti tilembe ameni. Ndimadya. Ndasiya.

Mkono anandipotokola bambo akewo uja ukuwawabe ndikamaluka tsitsi.

Lachinayi, 6 Malichi

Mwini saluni andiphunzitsa. Akuti anthu a pa foni amasankhidwa ngati zochapa, zoyera pazokha. Umapanga mndandanda, kuutcha dzina, kuponyamo anthu. Ukautsegula umangoona za iwowo basi. Chithunzi chakonso umasankha mndandanda woti uone.

Ndapanga. Makasitomala, aziona tsitsi lokha. Aphokoso, muli mavesi, matako ndi phazi lija. Akuchimuna, muli bambo ake, anzawo akumowa ndi apongozi. Ndizisuzumira m'mawa ndidziwe zimene akukonza, iwo asaone kanthu kanga. Abale, amayi ndi asisi. Kadzino azimuona awa okha.

Avuta ndi alamu. Mlongo wa bambo ake, inde. Koma nditabereka anandisambitsa ndi iwowo. Tsiku la mkono anandiperekeza kuchipatala, akulira kuposa ine. Azakhali a mwana. Munthu anakuona uli mbulanda ungamuike pamodzi ndi zidakwa? Chala chinakana. Ndawaika kwa Abale.

Mwini saluni anangoti, "Ameneyo ndi mbale wako kapena wake?"

Loweruka, 8 Malichi

Foni yapepuka. Mutunso. Kadzino waima yekha atagwira mpando wa makasitomala, dzino lake limodzi lija lili pamtunda. Ndamujambula, ndatumiza kwa Abale. Alamu aika kamtima, akuti dolo wa azakhali ameneyu. Ndaseka. Kalekale ndisanaseke.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndatsegula Akuchimuna. Kadzino pa tsamba la bambo ake. Chithunzi chomwe chija. Kumbuyo kwake galasi la saluni, m'galasimo shopu ya matayala ya kutsidya kwa msewu, chitseko chake chachikasu chikuoneka bwinobwino. Ine sindinayang'ane zimenezo, ndimayang'ana mwana. Mnzawo wina walemba pansi kuti malowo akuwadziwa. Apongozi alemba ameni. Ameni.

Amayi satha kutumiza chithunzi. Asisi sangayerekeze. Ndaimbira alamu. Sanakane n'komwe. Akuti bambo ayenera kuona mwana wake, akuti ndisaume mtima, banja ndi kupirira. Amayankhula akutafuna chinachake, ndimamva kutafunako m'khutu. Ndakasanza kuseri kumene timataya madzi a shampu.

Manja amenewo anandisambitsa. Khungu langa lomwe likundinyansa.

Alamu ndawachotsa kwa Abale. Kungodina kamodzi. Sabata yatha chala chomwechi chimachita manyazi.

Lachinayi, 13 Malichi

Kunyumba ndikanakhala ndekha, ndiye ndabwera kuntchito. Mwini saluni apita kokagula mafuta a tsitsi. Pa Akuchimuna mnzawo uja waika chithunzi, ali m'galimoto yofiira, bambo ake pambali, mano onse panja. "Tikukatenga katundu wathu." Katundu. Mwana wanga.

Kasitomala ndamubweza tsitsi lili theka, wanditukwana. Ndakhoma chitseko, ndatsitsa katani. Kadzino ndamulowetsa kunsi kwa sinki, ndamupatsa chipeso aziluma. Akuganiza kuti ndi masewera.

Pa shopu ya matayala paima galimoto yofiira.

Mayunitsi atha, yatsala bandulo yochepa. Ndalembera Abale, atsala awiri okha. Amayi foni amaisiya m'chikwama. Asisi, inu ndiye muone. Imbirani apolisi, tengani amuna anu, musachite kusintha zovala. Bwerani pompano asisi, chonde, wina watsika, akuwoloka msewu